Wotchi ya pa kompyuta ikamakana kutenga nthawi pa intaneti: mmene ndinakonzera ku Area 25

Kompyuta ikayamba kulemba kuti "Your clock is behind" pa Chrome, masamba onse a https n'kumakana kutseguka pomwe bandulo ilimo ndipo foni ikuyenda bwinobwino pa WiFi yomweyo, musathamangire kunena kuti yalowa virus kapena kuti ikufunika kufomata. Kambiri imakhala nthawi basi. Tsamba lililonse la https limakhala ndi satifiketi yomwe ili ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera, monga za bungwe lopereka masatifiketi la Let's Encrypt zimakhala masiku 90, ndiye kompyuta ikamaganiza kuti tili mu chaka china imaona ngati satifiketiyo siinayambe kugwira ntchito kapena inatha kalekale, basi n'kukana.

Alamu anga ali ndi kashopu ku Area 25 ka photocopy, printing ndi kuthandiza anthu kudzaza mafomu a pa intaneti. Muli ma desktop atatu a Windows 10 ogula ogwiritsidwa kale ntchito, imodzi ya Ubuntu yosungirapo mafayilo a makasitomala, ndi DVR, makina osunga kanema wa makamera. Magetsi akangothima n'kuyakanso, ya pakauntala imadzuka ili zaka zingapo m'mbuyo, mnyamata wa pakauntala amangoyang'ana foni n'kulemba nthawi pamanja, mawa lake chimodzimodzi. Anandiitana kuti "alamu tabwerani mudzaone, izi zatitopetsa", ndipo nditafika ndinapeza kuti makina aliwonse ali ndi matenda akeake.

Ndinayamba ndi batire. Pa motherboard pamakhala kabatire kozungulira ngati kandalama, CR2032, ka mavolti 3, ntchito yake ndi kuyendetsa wotchi ya mkati kompyuta ikakhala yozimitsa. Kuti mudziwe ngati kafa, zimitsani, zulani pa soketi, dikirani pang'ono, yatsani n'kulowa mu BIOS, menu ya motherboard, ndi F2 kapena Del musanafike ku Windows. Deti likabwerera m'mbuyo ndiye kuti katha. Kamapezeka mosavuta kwa okonza mawotchi ndi mashopu a zamagetsi mu Old Town, mbali za ku Malangalanga, bola muone kuti paketi ndi yosatsegula. Ndinasintha, ndinakonza deti mu BIOS, mbali iyi inatha.

Koma funso lomwe linandivuta m'mutu ndi ili: olo batire litafa, Windows imayenera kumafunsa yokha nthawi ikangolowa pa intaneti. Nanga bwanji siinkatero? Apa mpomwe panali nkhani yeniyeni, batire linangoulula.

Makompyuta amafunsana nthawi kudzera mu njira yotchedwa NTP (Network Time Protocol), yomwe anaiyambitsa David Mills wa ku University of Delaware, ndipo inalembedwa koyamba mu 1985, ndi imodzi mwa njira zakale kwambiri zomwe zikugwirabe ntchito pa intaneti. Kompyuta yanu imatumiza kauthenga kakang'ono ku seva pa UDP port 123 (port ili ngati khomo lokhala ndi nambala, UDP ndi mtundu wa katumizidwe ka uthengawo), n'kulemba nthawi yomwe yatumiza, seva imalemba nthawi yomwe yalandira ndi yomwe yayankha, yanu n'kulembanso pomwe yankho lafika. Ndi nthawi zinayizi imawerengera kuti uthengawo watha nthawi yayitali bwanji panjira komanso kuti wotchi yake yatsogola kapena yatsalira motani. Maseva ali m'magulu omwe amati stratum. Stratum 0 ndi wotchi ya atomiki kapena GPS, stratum 1 ndi seva yolumikizidwa ku wotchiyo, stratum 2 imafunsa kwa 1, mpaka 15. Zili ngati uthenga wa maliro kumudzi, womva kwa eni mbumba ndi womva kwa munthu wachisanu pachigayo sangafanane. Mukaona 16 ndiye kuti sevayo ikunena kuti nayonso ilibe nthawi yodalirika, musaitsatire.

China chofunika kudziwa, NTP imangopereka UTC, nthawi yomwe dziko lonse limawerengerapo, za ku Malawi kuno siizidziwa. Kuwonjezera maola 2 athu aja ndi ntchito ya time zone. Kompyuta yachiwiri, ya typing, ndinaipeza ili pa Pacific Time ya ku America, mmene inabwerera kunja kuja palibe anasintha, anthu amangokonza maola pamanja kuti aoneke bwino pakona. Yotereyi tsiku lomwe idzagwirizane ndi seva idzalumphira m'mbuyo maola 9 kapena 10 malinga ndi nyengo, ndipo mwini wake adzati intaneti ndi yomwe yasokoneza wotchi n'kuthimitsa "Set time automatically". Pa Windows sankhani UTC+02:00 Harare, Pretoria, Lilongwe pa mndandandapo palibe musavutike kufunafuna. Pa Linux ndi Africa/Blantyre, a likulu tingopirira. Kuno sitisintha mawotchi ndi nyengo ngati ku Ulaya, ndiye chilichonse cholembedwa daylight saving kapena DST chikhale chothimitsa.

Kenako ndinatsegula Command Prompt ngati administrator, apo bii zambiri zimakana, n'kulemba w32tm /query /status. Pa mzere wa Source panalembedwa Local CMOS Clock, kutanthauza kuti kompyutayi siikufunsa aliyense, ikungodalira kawotchi kake ka pa motherboard. Ndinayesa w32tm /resync, yankho lake "The computer did not resync because no time data was available". Uthenga uwu ndi wosathandiza kwenikweni chifukwa sukuuzani kuti vuto ndi seva, ndi njira, kapena ndi Windows yomwe. Chomwe chimasiyanitsa ndi ichi:

w32tm /stripchart /computer:time.windows.com /samples:5 /dataonly

Iyi siisintha kalikonse, imangofunsa seva kasanu n'kukuonetsani kusiyana kwa nthawi. Kwa ife mizere yonse inabwera ndi error 0x800705B4, yomwe ndi timeout, yadikira yankho osabwera. Ndinasintha seva kuyika time.cloudflare.com, chimodzimodzi. pool.ntp.org, chimodzimodzi. Maseva atatu a eni osiyana sangafe tsiku limodzi aise. Ndipo musanamizidwe ndi ping, lamulo loonera ngati seva ikuyankha, ping imayenda njira ina, itha kuyankha bwinobwino pomwe port 123 ndi yotseka, kapena kukana pomwe NTP ikuyenda.

Apa ndinachotsa kebulo ya netiweki, ndinayatsa hotspot pa foni n'kulumikiza ndi USB, n'kubwereza stripchart ija. Manambala anatuluka pompopompo. Ndiye Windows ilibe mlandu, maseva alibe mlandu, chotchinga chili pakati pa shopu ndi intaneti. Mayeso a hotspot awa ndimawakonda chifukwa amadula vuto pakati mu mphindi ziwiri, musanayambe kugwiragwira registry, mosungira ma setting a Windows, monga amalangizira ena.

Titalowa mu rauta ndinapeza kuti yemwe anaiyika kale anatseka chilichonse chotuluka kupatula port 80, 443 ndi 53, akuti pofuna kuti anyamata asamathe bandulo ndi ma torrent. Maganizo abwino ndithu, koma anatsekera limodzi ndi nthawi. Ndinawonjezera lamulo lololeza UDP 123 kutuluka, onetsetsani kuti ndi UDP, ambiri amasankha TCP n'kumadabwa kuti sizikusintha. Nthawi zina rauta yanu imakhala ilibe vuto koma ndi kampani yokupatsani intaneti yomwe yatseka. Izi zinachuluka kuyambira cha mu 2013 ndi 2014 pomwe achiwembu ankagwiritsa ntchito lamulo la monlist pa maseva akale a NTP, kafunso kakang'ono n'kubweretsa yankho lalikulu lolunjika kwa munthu wina mpaka netiweki yake kudzaza, ndiye makampani ena anangotseka port yonse. Zikakhala choncho aimbireni muwafunse kuti akutsegulireni kapena akupatseni adiresi ya seva yawo ya nthawi. Mukamaimba nenani kuti "UDP 123 outbound", mukangoti wotchi ikuvuta akuuzani kuti muzimitse rauta n'kuyatsanso.

Njira itatseguka, ziwiri zinagwirizana ndi seva nthawi yomweyo. Yachitatu inabwera ndi uthenga wina, "The computer did not resync because the required time change was too big". Paja pokonza pamanja paja, wina anasinthanitsa tsiku ndi mwezi, chifukwa kompyutayo imalemba deti mwachimereka, mwezi poyamba. Windows yomwe siili pa domain, netiweki ya muofesi yoyendetsedwa ndi seva yaikulu, imakana kulumpha kupitirira maola 15 nthawi imodzi, masekondi 54000, poopa kuti mwina seva ndi yomwe ikunama. Mankhwala ake ndi osavuta, konzani deti ndi ola pamanja kuti zifike pafupi, kenako resync, yotsalayo imaliza yokha. Apa pokha ndi pomwe ndimavomereza kukonza nthawi pamanja.

Kuti zisadalire seva imodzi ndinalemba izi pa zitatu zonse:

w32tm /config /manualpeerlist:"0.africa.pool.ntp.org,0x8 1.africa.pool.ntp.org,0x8 time.cloudflare.com,0x8" /syncfromflags:manual /update

kenako net stop w32time, net start w32time, n'kubwereza resync. Ka 0x8 kaja kamauza Windows kuti ifunse ngati kasitomala wamba, maseva ena sayankha ikafunsa mwanjira ina. Ndinalowanso mu services.msc kuyika Windows Time pa Automatic, chifukwa pa makompyuta ambiri imakhala pa Manual n'kumangodzuka mwa apo ndi apo. Service ikakhala kuti yasokonekera ndithu osafuna kuyamba, w32tm /unregister kenako w32tm /register imaibweza mwatsopano, ife sitinafike pamenepo.

time.google.com ndi yabwino koma sindiisakaniza ndi za pool.ntp.org. Dziko likamawonjezera sekondi imodzi ija ya leap second, yomaliza inali pa 31 December 2016, Google imaimwaza pang'onopang'ono m'maola 24 pomwe maseva ena amaiyika kamodzi, ndiye tsiku limenelo amatsutsana. Pa shopu ya photocopy palibe angazindikire zoona, koma chizolowezi ndi chizolowezi, sankhani mbali imodzi.

Chenjezo kwa a m'maofesi a ku City Centre ndi kwina komwe makompyuta ali pa domain: lamulo la manualpeerlist lija musaliyike pa kompyuta yanu. Yanuyo imatenga nthawi kwa domain controller, ndipo Kerberos, yomwe imatsimikiza olowa pa domain, imakana kukulowetsani mukasiyana nayo kupitirira mphindi 5, pasiwedi ili yolondola koma n'kumangokanidwa. Kokonza ndi ku seva yaikuluyo, auzeni a IT. Ma code olowera a app ya Authenticator ya pa foni nawonso amasintha masekondi 30 aliwonse potengera nthawi, ndiye akamakanidwa onani kaye wotchi ya foni.

Ya Ubuntu inandidyera nthawi kuposa zonse. timedatectl inaonetsa "System clock synchronized: no". Ndinafuna kuyikapo chrony, pulogalamu ya NTP ya pa Linux, koma apt, yoyikira mapulogalamu, inakana ikuti Release file "is not valid yet", chifukwa wotchi inali m'mbuyo moti mafayilo a pa seva amaoneka ngati a mtsogolo. Kuti ukonze nthawi uyike pulogalamu, kuti uyike pulogalamu nthawi ikhale yolondola, nde ungoseka. Ndinathimitsa kaye ndi sudo timedatectl set-ntp false, n'kuyika deti ndi set-time, apt inayenda, chrony inalowa. Poona ngati ikugwira lembani chronyc sources. Mzere womwe wayamba ndi ^* ndi seva yomwe yasankhidwa, ^+ ndi zothandizira, ^? ndiye kuti siikuyankha kapena siinayesedwe mokwanira. Pa Reach mukufuna muone 377, imeneyi ndi nambala ya octal yotanthauza kuti mafunso 8 omaliza onse ayankhidwa, imayamba 1, 3, 7, 17 kumakwera choncho, ndiye musade nkhawa mphindi zoyambirira. Ikamakhala yosafika 377 tsiku lonse ndiye kuti mauthenga ena akutayika panjira, kawirikawiri ndi netiweki yodzaza. chrony imakonda kukonza pang'onopang'ono pofulumizitsa kapena kuchedwetsa wotchi, mukafuna ilumphe kamodzi ndi sudo chronyc makestep. Omwe mukadali pa pulogalamu yakale ya NTP yotchedwa ntpd dziwani kuti imangodzithimitsa yokha ikapeza kusiyana kopitirira masekondi 1000, pokhapokha muiyambitse ndi -g. Ndipo pakhale pulogalamu imodzi yokha yoyendetsa wotchi, chrony, ntpd ndi systemd-timesyncd zisayendere limodzi.

Wina adzafunsa za laputopu yokhala ndi Windows ndi Linux limodzi yomwe imasiyana maola 2 ndendende ukasintha. Imeneyo si NTP, Linux imasunga UTC pa wotchi ya motherboard pomwe Windows imasunga nthawi ya kuno. Mankhwala ake ndi timedatectl set-local-rtc 1 ku Linux, kapena RealTimeIsUniversal mu registry ya Windows, chimodzi chokha mwa ziwirizi.

Popeza ya Ubuntu imakhala yoyaka tsiku lonse ndipo ili pa UPS, batire yoithandiza magetsi akathima, ndinaisandutsa seva ya nthawi ya shopu yonse. Mu /etc/chrony/chrony.conf ndinawonjezera allow 192.168.1.0/24 ndi local stratum 10, mzere wachiwiriwu umaipangitsa kuti izipitiriza kuyankha olo intaneti itadula kapena bandulo itatha, kenako sudo ufw allow 123/udp n'kuyambitsanso chrony. Ubwino wake makina onse m'shopumo amakhala pa nthawi imodzi, olo itaphonya ndi masekondi angapo aphonya limodzi. Adiresi yake ndinaipanga static, yosasintha, n'kuiyika poyamba pa mndandanda wa ma Windows aja, za pa intaneti n'kutsatira.

DVR ndi yomwe alamu anali asanaiganizeko n'komwe, chonsecho ndi yomwe nthawi yake ili ndi ntchito yaikulu. Inali patsogolo ndi mphindi zambirimbiri, NTP yosachonga. Tsiku lakuba m'shopu, kanema wolemba ola lolakwika ku polisi akakuvutitsani naye, wakubayo angoti ola limenelo ndinali ku Nsungwi ndipo mboni zilipo. Mu menu ya System, pa Time kapena Date, ndinachonga NTP, seva ndinayika adiresi ya Ubuntu ija, port 123, zone GMT+02:00, DST yothimitsa, kuti izifunsa ola lililonse. Rauta nayo ndinailozetsa komweko, marauta ang'onoang'ono ambiri alibe batire ya wotchi ndipo akazima amadzuka ali mu 1970, ma log ake onse n'kukhala opanda ntchito.

Pomaliza tinathimitsa main switch dala, kudikira pang'ono, n'kuyatsa zonse. Ya pakauntala inadzuka ndi deti lolondola, Source ikuonetsa adiresi ya Ubuntu, stripchart ikupereka kusiyana kosafika ndi sekondi imodzi yomwe. DVR inachedwerako kufunsa chifukwa imayaka msanga kuposa rauta, koma ola lisanathe inali italowa mumzere. Mabatire a ma desktop awiri otsalawo tinasinthiratu tsiku lomwelo popeza onse ndi a msinkhu umodzi, ndipo mkati mwa DVR namonso muli kake komwe alamu akuti agula kumapeto kwa mwezi.