Bondo la mnyamata wathu ndi nkhuyu za Hezekiya

Ndine fiziyo, wothandiza osewera ovulala kuti achire, wa timu ina ya mpira wamiyendo muno mu Lilongwe. Anthu amandiona Loweruka ndikuthamangira m'bwalo ndi kachikwama m'manja, koma ntchito yeniyeni imakhala mkati mwa sabata, ndi anyamata amene sakusewera.

Sabata ino mtima wanga unali pa mmodzi, wosewera pakati, amene anaduka mtsempha wa mkati mwa bondo wotchedwa ACL. Anamuchita opaleshoni masabata 7 apitawo. Madokotala amatenga kachidutswa ka mtsempha kuseri kwa ntchafu n'kukaika pamalo pa wodukawo, ndipo thupi limachedwa kukazolowera. Kuyambira sabata ya 6 mpaka ya 12 kamtsemphako kamakhala kofooka kwambiri, chonsecho ndi nthawi yomweyo imene ululu umazirala, munthu n'kumadziona ngati wachira. Kuti abwererenso m'bwalo pamafunika miyezi yosachepera 9.

Lolemba anafika akutsimphina, bondo litatupa, lotentha ukaligwira. Nditamufunsa anangozolika. Kenako anaulula kuti Lachisanu anzake anamutengera ku mapemphero a usiku wonse, ndipo atamupempherera anamuuza kuti adumphe ndi kuthamanga pamaso pa khamu poonetsa chikhulupiriro. "Adokotala, ndikanakana bwanji anthu onse maso ali pa ine?" Zinandiwawa mumtima. Ndinamugoneka chagada, dzanja limodzi pantchafu, lina pansi pa bondo, n'kukoka pang'onopang'ono kuti ndimve ngati mtsempha ukadagwira. Unali ukugwira ndithu. Ndinamuika ayisi kwa mphindi 20, kumumanga bandeji, mwendo pamwamba pa pilo, ndipo masewera olimbitsa thupi onse tinayamba tawaimitsa.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinali za masiku onse: kumanga akakolo asanayambe maphunziro a masewera, kusisita misana, kukangana ndi kochi za mnyamata wina amene nyama ya ntchafu ikumukoka. Magetsi anazima usiku wonse, ayisi ndinachita kukagula kwa amayi ogulitsa mafirizesi ku Area 25.

Ineyo ndimapemphera, ndipo sindichita manyazi kunena. Pa ntchito ino ndaona chimene miyezi 9 imachita kwa mnyamata amene mpira ndiwo munda wake. Anzake akukwera basi kupita ku Mzuzu, iye ali pamphasa akuwerenga kangati wakweza mwendo. Kontirakiti ikutha, lendi ikudikira, abale kumudzi akuimba foni. Amene ali ndi pogwira mwa Mulungu kawirikawiri sataya mtima, amabwera m'mamawa ngakhale kusintha sikukuoneka. Chimene sindingalole ndi chakuti pemphero lisanduke mkwapulo wokwapulira wodwala, kuti akapanda kuthamanga lero ndiye kuti chikhulupiriro chake n'chochepa.

Lachinayi kunabwera amayi ake kuchokera ku Kawale, atavala chitenje cha mvano, limodzi ndi abusa a kumpingo kwawo. Ndinawaonetsa miyendo yonse iwiri: ntchafu yovulalayo yaphwa, tepi yoyezera ikuchita kuonetsa poyera kusiyana kwake. "Amayi," ndinatero, "nyama iyi ikapanda kubwerera, bondo lilibe mlonda." Anagwira ntchafuyo ndi manja onse awiri, misozi ili lengelenge, nati, "Adokotala, ine ndimasala kudya chifukwa cha mwana ameneyu. Tandiuzani, ndizipempha chiyani?"

Abusa ndi amene anayankha. Anatsegula 2 Mafumu 20, pamene mfumu Hezekiya inadwala, inalira kwa Yehova n'kuwonjezeredwa zaka 15, koma Yesaya analamulabe kuti atenge nkhuyu aziike pachithupsa. Anatembenukira kwa mnyamatayo nati, "Mwana wanga, nkhuyu zako ndi izi akukuuza adokotalazi. Uzichita zonse, ife tizigwada." Tinagwirana manja momuzungulira. Amayi aja anapempha kuti Mulungu amupatse kudekha, ndiponso kuti adalitse manja anga. Sindinathe kuyankha ameni mokweza, pakhosi panali potsekeka.

Loweruka tinali ndi masewero ku Bingu National Stadium, bwalo lija linatsegulidwa mu 2017 ku Area 48. Tisanatuluke m'chipinda chovalira anyamata anapanga bwalo monga mwa chizolowezi, Akhristu ndi Asilamu pamodzi, ndipo kaputeni anatchula dzina la mnzawoyo m'pemphero. Iye anali pomwepo, atatsamira khoma, kutupa kutachepa ndithu. Mpira uli mkati ndinathamangira m'bwalo chifukwa cha goloboyi amene anawombana mutu ndi mnzake, ndipo ndinamutulutsa ngakhale ankakana, poti za m'mutu sitichita nazo mwayi. Mnyamata wa bondo uja ndamuuza kuti abwere Lolemba 7 koloko, tikaone ngati angayambirenso kupalasa njinga ya m'chipinda.