Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: gogoda za pansi pofiira

Zikomo nonse amene munandipepesa pa gawo lapita lija. Koma inu mayi amene munalemba kuti ndimanyoza gogoda zodula chifukwa zinandikanika kugula, khalani pansi timvane.

Zaka zinayi zija ku Joni, nsapato za adona ndinkasamala ndine, ndiye sindikulankhula zongomva. Christian Louboutin, nsapato yodula ya ku France ya pansi pofiira, ndi yokongola, zimenezo sindikana. Mtundu wa So Kate gogoda yake ndi masentimita 12, yowonda ngati pensulo, kutsogolo kosongoka, moti mwendo umaoneka ngati wa munthu wina. Mtengo wake umadutsa madola 700.

Koma kufiira kwa pansiko ndi utoto chabe wopakidwa pa soli ya chikopa. Kungoyenda nayo pa phula tsiku limodzi, wayamba kale kufufutika. Kukagwa mvula chikopacho chimamwa madzi, pa matailosi chimaterera. Odziwa amapita nayo kwa wosoka nsapato kuti amate kalabala kopyapyala kofiira kutsogoloku. Kapulasitiki ka kunsonga kwa gogoda nako kamatha msanga. Mukangomva ikulira ngati msomali, sinthitsani tsiku lomwelo, chifukwa chitsulo chikayamba kugunda pansi, chikopa chokuta gogodayo chimakwinyikira m'mwamba ndipo sichibwereranso mwakale. Ndi zothinanso kuzala: wovala 38, amene ku Britain ndi 5, nthawi zambiri amafunika kuwonjezera theka. Muziyesa madzulo, mapazi atatupa.

Tsono ineyo, amene ndimatsika minibasi ku Limbe n'kudumpha ngalande, ndingaivale kuti? Nsapato imeneyo anaipangira munthu wochoka m'galimoto n'kuponda kapeti.

Chibwerereni kuno ndimasankha za pa kaunjika, ndipo achemwali anga aja amaseka poona m'mene ndimachedwera pa mulu umodzi. Ndimayamba kuiimika pa malo osalala; ikagwedezeka kapena kupendekera, chitsulo cha m'kati mwa soli chinapindika, imeneyo isiyeni ngakhale akutsitsireni. Kenako ndimaipinda. Iyenera kugonja pa zala pokha, pakati payenera kuuma. Ndimanunkhiza m'kati, ndimakanda pang'ono ndi chikhadabo: chikopa chenicheni chimapanga timakwinya, chabodza chimasenda ngati khungu la njoka, makamaka chikakhalitsa m'belo kapena padzuwa. Guluu wotulukira m'mbali ndi ulusi wokhotakhota zimaulula ya feki, ngakhale dzina litalembedwa bwino chotani.

Pa misewu yathuyi gogoda yonenepa ya masentimita 5 mpaka 7, ya soli ya labala, imakufikitsa ku ukwati ndi kukubweza kunyumba osaigwira m'manja.

Inu amene mwakhala mukufunsa za peyala imene adona anandipatsa tsiku lotsanzikana: inali 37, ine ndimavala 39. Ilipobe m'sutikesi, yokulunga m'chitenje.