Zimene ndinaona m'khola la bambo

Kuyambira ndili mwana, mawu akuti bakiteriya ndinkawamva kuchipatala kokha, pa nkhani ya kolera ndi TB. Sabata yatha m'kalasi mwathu ku Ulongwe tinaphunzira kuti tizilombo timeneti timadyetsana, ndipo nkhaniyi yandikhala pamtima.

Loweruka ndinapita kumudzi ku Domwe. M'mamawa ndikuthandiza bambo kutapa manyowa m'khola, fungo la mkodzo wa ng'ombe linandilasa m'mphuno, ndipo ndinalizindikira: amoniya. M'nthaka muli mabakiteriya otchedwa Nitrosomonas amene amadya amoniyayo n'kutaya zinyalala zotchedwa nitrite. Ena, a Nitrobacter, amatola nitrite uja n'kumusandutsa nitrate, chakudya chimene mizu ya chimanga imayamwa. Sergei Winogradsky ndiye anafufuza tizilombo tochita zimenezi cha m'ma 1890. Ine ndinazimvetsa nditagwira fosholo.

Koma yondigwira mtima kwambiri ndi ya 1967. Kwa zaka zoposa 20 akatswiri ankasunga kachilombo kotchedwa Methanobacillus omelianskii, akuganiza kuti ndi kamodzi. Marvin Bryant ndi anzake anapeza kuti ndi tiwiri. Koyamba kamadya mowa n'kutulutsa haidirojeni, koma mpweyawu ukachuluka kamalephera kupitiriza kudya. Kachiwiri, kamene ndi ka gulu lina la tizilombo lotchedwa archaea, kamameza haidirojeniyo n'kupanga mpweya wotchedwa methane. Tangoganizani, kudalirana mpaka anthu ophunzira kulephera kuona kuti pali awiri! Zofanana ndi izi zimachitika m'mimba mwa ng'ombe. Ndinaima pafupi ndi nkhunzi yathu ikubzikula, maso ali gwa, ndipo itageya ndinadziwa kuti uwo ndi methane wochokera ku tizilombo todyetsana pa udzu umene yokha sikanatha kugaya.

Ena angati uku ndi "kugawana", koma mawu amenewa sindikugwirizana nawo kwenikweni. Apa palibe chifundo. Wina akutaya zinyalala, mnzake akuzidya, ndipo pozidya akumumasula woyamba uja. Kwa ine zimenezi n'zodabwitsa kuposa chifundo.

Ndinawafotokozera bambo titakhala pakhonde. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa: "Nanga timatuza ta kumizu ya nyemba tija, namonso muli anthu akowa?" Ndinati inde bambo, ndi a Rhizobium, amapereka naitirojeni, nyemba n'kuwabwezera shuga. Anandituma kudimba kukazula tsinde limodzi. Tinang'amba katuza ndi chikhadabo, m'kati munali mofiirira.