Kuthokoza onse amene anandithandiza kumaliza ulendo wa Bitterroot

Sabata yatha ndinalowanso m'tauni ya Wallace, m'chigawo cha Idaho ku America, nditapalasa njinga masiku anayi kuzungulira njira ya makilomita pafupifupi 300 imene opalasa njinga amaitcha Bitterroot 300K. Popeza pangopita chaka ndi miyezi iwiri chichitireni opaleshoni ya bondo langa lamanzere, ndaona kuti sichingakhale chilungamo kungoonetsa zithunzi za mapiri ndi nyanja osatchula anthu amene anandigwira dzanja.

Ndiyambe ndi inu achimwene anga, amene munasiya ntchito zanu kuti mundiperekeze. Tsiku loyamba phula litathera pa Mullan, tinayamba kukwera njira ya miyala yotsata njanji yakale ya Northern Pacific mpaka pa Lookout Pass, pamalire a Idaho ndi Montana, mamita oposa 1,400 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Ambiri amati njira za njanji n'zosavuta chifukwa sitima siikwera chitunda choima, ndipo sanama, koma sanena kuti mtunda wotere sutha msanga ndipo umamudya munthu pang'onopang'ono osampatsa popumira. Bondo litayamba kulasa, ine ndinabisa, koma inu munaona mmene ndinkapondera ndi mwendo umodzi, ndipo tili chiimire kumwa madzi munamasula chikwama changa n'kuchimangirira panjinga yanu osanena kanthu. Kusalankhula kwanuko ndi kumene ndikuthokoza kwambiri, chifukwa mukanandifunsa ndikanakana.

Wachiwiri ndi mayi wina amene dzina lawo sindikulidziwa. Njira ya Route of the Hiawatha, imene inali gawo lotsatira la ulendowu, imayamba ndi mphanga ya St. Paul Pass, yotalika makilomita 2.7, imene inaboola phiri kudutsa pansi pa malire a zigawo ziwirizo, ndipo munthu saloledwa kulowamo wopanda tochi ndi chisoti. Mkatimo mumazizira, madzi amadontha kuchokera kudenga, pansi pali matope, ndipo m'mbali muli ngalande zoti tayala likaloweramo wagwa basi. Tochi yanga inazima ndili pakatikati, ndipo vuto linali langa, chifukwa usiku wake ndinaiwala kuitchaja. Achimwene anali atatsogola. Ndinaima mumdima wosaona ngakhale chikhatho changa, mpaka kuwala kunatulukira kumbuyo, ndipo mayiwo anandiuza kuti ndiziyenda patsogolo pawo pang'ono kuti tochi yawo itiunikire tonse. Nkhope yawo ndinaiona titatuluka, tonse tili ndi mzere wa matope kumsana, ndipo ndisanapeze mawu oyenera iwo anali atakwera kale njinga.

Kuchokera pamenepo njira imatsetsereka kudutsa mphanga zina ndi milatho isanu ndi iwiri yachitsulo yolenjekeka pamwamba pa zigwa. Iyi inali njanji ya Milwaukee Road, imene inasiyidwa mu 1980, ndipo pamoto waukulu wa m'nkhalango wa mu 1910 sitima zonyamula anthu othawa zinabisala m'mphanga zomwezi. Nditakumbukira zimenezo ndinachita manyazi ndi mantha anga a tochi.

Za ulendo wa kuchokera ku Avery kutsata mtsinje wa St. Joe sindinena zambiri, kupatula kuti unali wautali ndipo chishalo chinandilanga. Gawo limene ndinaliona loopsa kuposa onse ndi msewu wa magalimoto wochoka ku St. Maries kupita ku Heyburn State Park, wokhotakhota, wa zitunda, wopanda malo okwanira m'mbali. Ndikuthokoza madalaivala a malole a mitengo amene anachepetsa liwiro n'kutipatsa mpata.

Titaoloka mlatho wa Chatcolet, madzi ali mbali zonse ziwiri, tinali pa Trail of the Coeur d'Alenes, njira ya phula ya makilomita pafupifupi 117 imene amaisamalira a mtundu wa Coeur d'Alene, amene ndi eni nthaka a m'deralo, mogwirizana ndi boma la Idaho. Phulalo silinaikidwe kuti opalasa tisangalale chabe, koma linakwirira dothi loipitsidwa ndi mtovu wochokera ku migodi ya Silver Valley, n'chifukwa chake zikwangwani zimalangiza kuti munthu asapatuke panjira ndipo asambe m'manja asanadye. Amene amagwira ntchito imeneyi sitiwaona, koma bondo langa linapuma chifukwa cha iwo.

Ndikuthokozanso adokotala a mafizo, amene kwa miyezi yambiri ankandikakamiza kupinda bondo ine ndikuwanyinyirika, ndi inu mayi a kunyumba, amene simunagwirizane ndi ulendowu koma munandilongedzera katundu ndi manja anu. Mayi a m'mphanga aja mawu a Chichewa awa sadzawafika, komabe ndikufuna zidziwike kuti titafika ku Wallace ndinagula tochi yachiwiri, ndipo tsopano imakhala m'chikwama.