Kuchoka ku Black Hills ndi nkhukundembo yam'tchire

Ndimakhala m'boma la Indiana ku America, koma nkhukundembo ya mtundu wa Merriam's, ija ya nthenga zoyera kumapeto kwa mchira, ndinakaipeza kumapiri a Black Hills ku South Dakota. Kupha n'kosavuta poyerekeza ndi kufikitsa nyamayo kunyumba isanavunde.

Itangogwa ndinamangirira chiphaso chaulenje kumwendo, ndisanainyamule n'komwe. Ku America boma lililonse lili ndi malamulo ake, ndipo lamulo la Lacey Act la mu 1900 limati kudutsa malire a maboma ndi nyama yophedwa mosatsata malamulo ndi mlandu wa dziko lonse. Choncho mwendo wokhala ndi chiphasowo pamodzi ndi ndevu zija zimamera pachifuwa cha yaimuna ndinazisunga limodzi ndi nyama, kuti wolondera zinyama akafunsa aone yekha.

Kenaka ndinaitumbula pomwepo. Nthenga zimasunga kutentha, ndiye mbalame yosiyidwa m'galimoto masana imayamba kununkha msanga. Ndinasenda chikopa, n'kuchotsa nyama ya pachifuwa, ntchafu ndi nthutumba. Alenje ena amataya ntchafu ati n'zolimba. Zimandiwawa, chifukwa ukaziphika pang'onopang'ono zimatulutsa msuzi wabwino kuposa chifuwacho.

Nyama ndinaipukuta, n'kuiika m'mapepala apulasitiki otsekeka bwino, n'kuigoneka pamwamba pa ayezi. Isakhudze madzi osungunuka, ndipo kutentha kwa m'bokosi kusapitirire madigiri 4. Eni malo ogona anandilola kuiumitsa mufiriji mpaka inachita gwaa.

Mchira, womwe alenje amasunga ngati chokongoletsera, ndiwo umafuna dzanja lofatsa. Ndinaudula patsinde, pomwe nthenga zonse zimakumana, n'kupala ndi kampeni timinofu ndi mafuta achikasu otsalira pamenepo, chifukwa ndiwo amaitana tizilombo. Ndinathirapo ufa wambiri wa borax, mankhwala oumitsa ndi kuteteza ku tizilombo. Sindinautambasule ayi, ndinaupinda, n'kuuika pakati pa makatoni awiri omata ndi tepi, kutali ndi nyama yonyowa. Kutambasula ndi kukhomera pathabwa kumadikira kunyumba, komwe umauma kwa milungu ingapo.

Pabwalo la ndege la Rapid City, mzinda wa pafupi ndi Black Hills, bokosi la nyama linalowa ngati katundu wamba, ndipo ndinaonetsetsa kuti lisapyole makilogalamu 23. Ogwiritsa ntchito dry ice, ayezi wouma wopangidwa ndi mpweya wa carbon dioxide, amaloledwa makilogalamu 2.5 okha, bokosi likhale lotulutsa mpweya, lolembedwa kunja, komanso kampani ya ndege ivomereze kaye. Ine sindinaifune, popeza nyama youma gwaa, yothinana bwino ndi nsalu m'mipata, imapirira ulendo wa tsiku limodzi. Mfuti ndinaionetsa pakauntala ilibe zipolopolo, ili m'bokosi lolimba lokhoma ndi loko.

Nditafika, nyama inali ikadali yolimba pakati. Ndinalemba tsiku ndi nambala ya chiphaso pa phukusi lililonse ndisanaziike mufiriji.