Lachinayi: achotsa kabati ya makhadi

Ndinapita ku laibulale ya pa yunivesite m'mawa kuti ndikangobweza mabuku awiri. Pakhomo ndinapeza anyamata anayi akulimbana ndi kabati ija ya makhadi ofufuzira mabuku, yomwe ndinaipeza ili pakona pomwepo tsiku loyamba kulowa m'nyumbamo. Akuti pamalo pake ayikapo makompyuta.

Ndinawapempha kuti andidikire pang'ono, n'kukoka dirowa ya chilembo M. Makhadi achita chikasu, m'mphepete mwatha ndi zala za anthu. Ena ndi otayipa, ena olemba pamanja. Kachitsulo kakatali kadutsa pakabowo ka khadi lililonse kuti pasapezeke wosolola. Mayi wina woyang'anira mabuku anaima chapatali, manja kumbuyo, ali duu.

Kachitsulo kameneko kandikumbutsa za laibulale ya Bodleian ku Oxford. Pomwe inkatsegulidwa mu 1602 inali ndi mabuku pafupifupi 2,000, ndipo mabuku akuluakulu ankawamanga ndi unyolo. Thomas Bodley, yemwe anaikhazikitsa, sankachita izi mwankhanza ayi. Laibulale yoyamba pamalopo, momwe munali mabuku olemba pamanja oposa 280 ochokera kwa Duke Humfrey, m'bale wake wa Mfumu Henry V, inabalalitsidwa m'ma 1550 mpaka mashelefu omwe kugulitsidwa. N'chifukwa chake Bodley analetseratu kutuluka ndi buku, moti ngakhale Mfumu Charles I atapempha kubwereka mu 1645 oyang'anira laibulaleyo anamukaniza. Koma chomwe ine chimandigwira mtima ndi pangano lomwe Bodley anachita mu 1610, loti a Stationers' Company, bungwe la osindikiza ndi ogulitsa mabuku ku London, azitumiza buku limodzi pa lililonse lomwe lalembetsedwa kwa iwo. Munthu ameneyu ankaganizira owerenga omwe anali asanabadwe. Lero mabuku osindikizidwa kumeneko apitirira 13 miliyoni, ambiri akusungidwa m'tawuni ina yotchedwa Swindon poti malo anachepa.

Kusinthaku sindikudana nako. Masana ndafufuza buku pa foni, nambala yake yatuluka ndisanakhale n'komwe pansi, pamene kale ndikanatha theka la ola ndikuvundukula makhadi. Komabe mtima unandiwawa kuona kabatiyo ikukwezedwa pangolo.

Asanaikankhe, mayi aja anayandikira, n'kumasula kachitsulo ka dirowa ina, n'kusolola khadi limodzi.

"Ili ndinatayipa ndine, mwanangu, chaka chomwe ndinayamba ntchito," anandiuza akundionetsa pomwe anafufuta chilembo cholakwika.

Analiika m'chikwama chawo n'kubwerera pa desiki, pomwe ophunzira atatu anali atafola kale.