Lachiwiri la mandasi aang'ono ndi lamba wa Kofi

Lero ndinadzuka tambala asanalire, osati chifukwa cha khama la kulemba monga ndimadzinamizira masiku ena, koma chifukwa mphwanga, mwana wa mlongo wanga amene ndikukhala naye kuno ku Zingwangwa, anandigwedeza phewa kuti wrestling yayamba. Pulogalamu ya wrestling yotchedwa Raw imachitika Lolemba usiku ku America, ndipo kuno imatipeza m'bandakucha wa Lachiwiri, choncho woikonda amalipira ndi tulo. Tinaonera titatsitsa mawu kuti tisadzutse a nyumba yoyandikana nayo, iye atakhala pamkeka, ine ndili pampando nditafunda bulangete.

Masewera ali mkati, mnyamatayo ananditembenukira n'kufunsa kuti, "Amalume, anzanga kusukulu akuti zonsezi n'zongopanga, kodi n'zoona?" Funso limeneli linatisowetsa mtendere ifenso tili ana, pamene tinkathithikana pamabenchi a kuvidiyo sho titalipira makobidi amene anatituma nawo mchere. Tinkakangana mpaka kukokana malaya ngati The Undertaker analidi munthu wouka kumanda. Ndinamuuza mphwanga kuti wopambana amadziwika masewera asanayambe, ndipo pali anthu olembedwa ntchito yokonza nkhani ya amene adane ndi amene, koma kugwa n'kwenikweni ndipo msana umene ukumenyetsedwa pansiwo ndi wa munthu. Ndinamukumbutsanso kuti The Undertaker anapambana maulendo 21 otsatizana pa WrestleMania, masewera aakulu a wrestling ochitika kamodzi pachaka, ndipo tsiku limene Brock Lesnar anamugonjetsa mu 2014 ku New Orleans, khamu lonse linangoti kukamwa yasa, ngakhale kuti aliyense pamenepo ankadziwa kuti nkhaniyo inachita kulembedwa. Iye anangogwedeza mutu, maso ali pakanema.

Kutacha ndinapita pamphambano kukagula mandasi kwa mayi amene takhala tikugulako kwa zaka zambiri. Mtengo sunasinthe chiyambire chaka chino, koma mandasi amene kale ankadzaza chikhatho tsopano akubisala pakati pa zala zitatu. Nditawadandaulira mwanthabwala, mayiwo sanaseke. Anavundukula beseni, n'kundionetsa kabotolo ka mafuta ophikira kamene kanali pambali, ndipo anati, "Achimwene, ndikakweza mtengo mupita kwa anzangawo, ndikachepetsa mandasi mudandaula koma mugula. Nanga ufa, shuga ndi makala mukuyesa ndikutola?" Ndinalibe choyankha. Ndinagula asanu ndi limodzi m'malo mwa anayi a masiku onse, zimene zikutanthauza kuti mtengo unakwera ndithu, kungoti unadzera kukhomo lakuseri.

Pobwerera ndinayamba kuziona paliponse. Mulu wa tomato umene unkakhala wa zisanu ukuima ndi zinayi, ndipo chapamwambacho n'chaching'ono ngati chongokongoletsera. Walkman wa ufa waphwa m'mimba. Sopo wochapira amene ndinagula pa okala anali wowonda moti anathyoka ndisanamudule n'komwe. Kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, wogulitsa aliyense wakhala akufunafuna pobisa ululu wake, ndipo pobisa pabwino ndi m'kati mwa katundu, chifukwa munthu amakumbukira mtengo koma sayenda ndi sikelo m'thumba. Si kuno kokha. Mu 2016 chokoleti cha Toblerone ku Britain chinatalikitsa mipata pakati pa timapiri take, cha magalamu 170 chinasanduka cha 150, ndipo anthu anakwiya kwambiri. Ku France, kuyambira mu Julaye 2024, masitolo akuluakulu amalamulidwa kuika chikwangwani chodziwitsa ogula ngati katundu wachepetsedwa popanda kutsika mtengo. Mayi wa mandasi sindimuimba mlandu, pakuti mandasi ake ali poyera ndipo maso anga amawaona. Amene amandinyansa ndi wosunga pepala la kukula komweko koma n'kudzazamo mpweya.

Nditafika kunyumba ndinapeza uthenga wochokera kwa mkonzi amene ndinamutumizira nthano yanga masabata atatu apitawo. Anaikonda, ndipo mtima unagunda ngati ng'oma ya beni, koma mzere wachiwiri unati malo a nthano achepa chifukwa cha kudula kwa mapepala, choncho mawu 1,500 aja ndiwafinye akhale 900. Ndinaseka ndekha m'chipinda, pakuti mmawa ndinali wogula wodandaula, ndipo dzuwa lisanafike pamutu ndinasanduka wokazinga mandasi aang'ono. Wowerenga adzalipira mtengo womwewo koma adzalandira nthano yochepa, ndipo dzina limene lidzakhale pamwamba pake ndi langa.

Poyamba ndinaganiza zokana. Nthanoyi ndaivutikira miyezi iwiri, ndikuilemba usiku ndikaweruka kuntchito imene imandidyetsa, chifukwa kulemba pakokha sikunandigulirepo ngakhale thumba la chimanga. Koma munthu amene dzina lake lasindikizidwa kanayi kokha pa zaka zisanu ndi chimodzi alibe mwayi wonyada, ndipo kuseri kwanga kuli mzere wa olemba anzanga amene angalandire mawu 900 amenewo ndi manja awiri. M'dziko limene osindikiza mabuku amaika mtima pa mabuku a kusukulu, popeza ndiwo ali ndi msika wotsimikizika, tsamba limodzi la nthano ndilo bwalo limene wolemba watsopano amaonekera.

Ndili chikhalire choncho, maganizo anabwerera kwa Kofi Kingston, womenya wrestling amene ndimamukonda kuposa onse. Anabadwira ku Ghana, koma atayamba kuoneka pakanema wa WWE, kampani ya wrestling ya ku America, mu 2008 ankamutchula kuti ndi wa ku Jamaica, ndipo ankalankhula mawu obwereka mpaka pamene anamulola kutchula kwawo kwenikweni. Kwa zaka 11 anali munthu wapakati, wotumidwa kukasangalatsa anthu kwa mphindi zochepa akuluakulu asanalowe. Chimene ndimachikumbukira n'chakuti mphindi zochepazo sankazinyoza. Pa Royal Rumble, nkhondo ya anthu ambiri imene lamulo lake ndi lakuti watuluka ngati akuponya kunja kwa ring'i ndipo mapazi onse awiri agunda pansi, iye anayendapo ndi manja, chaka china n'kudumpha ndi mpando wa muofesi kubwerera kuring'i, ndipo anthu ankadikira kachigawo kake kuposa kudikira wopambana. Mu 2019 khamu lenilenilo linakuwa dzina lake mpaka olemba nkhani anagonja, ndipo pa WrestleMania 35 anagonjetsa Daniel Bryan n'kukhala munthu woyamba wobadwira mu Africa kunyamula lamba wa WWE. Usiku umenewo ndinalira, ndipo sindichita nazo manyazi.

Koma nkhani yake ili ndi mbali inanso imene imandiwawabe. Mu Okutobala chaka chomwecho, Brock Lesnar anamulanda lambayo m'masekondi osakwana 10. Kumeneko kunali kutigulitsa pepala lodzaza mpweya, chifukwa tinakhala pansi kuyembekezera nkhondo, ndipo tinapatsidwa kuphethira kwa diso. Munthu mmodzi yemweyo anandionetsa kufupika kwa mitundu iwiri, kwina kodzaza ndi luso, kwina kobera wopenyerera, ndipo ndinazindikira kuti funso la masana ano silinali lakuti ndidule kapena ayi, koma lakuti ndichotse chiyani.

Ndinatenga cholembera chofiira. Ndime yoyamba yonse, imene inkafotokoza mitambo ya pa phiri la Soche, inachoka, ndipo nthano sinamve kupweteka. Azakhali a mtsikana wa m'nthanoyo anali awiri, ndinawaphatikiza kukhala mmodzi, ndipo mmodziyo analuma kuposa onse awiri aja. Paliponse pamene ndinalemba kuti munthu anakwiya nditaonetsa kale akuphwanya mbale, ndinafufuta. Pofika mawu 1,050 mpweya unali utatha, ndipo mpeni unayamba kukhudza mnofu. Panali kukambirana kwa mayi ndi mwana wake pachigayo, kumene ndimakuona ngati msana wa nthano yonse, ndipo ndinakhala ola lathunthu ndikukutembenuza. Pomaliza ndinakusiya momwe kunalili, n'kuchotsa mathero anga okongola aja, amene ankangobwereza zimene wowerenga wanzeru anali ataona kale.

Madzulo mphwanga anabwera kuchokera kusukulu ali ndi nkhani yakuti anawauza anzake zimene ndinamuuza, ndipo mmodzi wakana kwamtuwagalu, akuti John Cena sangamenye nkhondo yabodza. Ndinamuuza kuti amusiye mnzakeyo, nthawi yake idzakwana. Kenako ndinamuwerengera nthano yofinyidwayo mokweza, ndikumuyang'ana nkhope kuti ndione pamene maso ake athawire kufoni. Sanathawe mpaka kumapeto, kungoti anafunsa chifukwa chake azakhaliwo ndi ankhanza chotero, osadziwa kuti akunyamula nkhanza za anthu awiri.

Ndinaitumiza nthawi ya 8 koloko ili ndi mawu 897. Mandasi awiri amene ndinasungira tiyi wa mawa ndawapeza atatha, ndipo wowadya akuti anali aang'ono kwambiri moti sanawawerengere.